Mutu wochokera m'khosi: mmene mungauchepetsere ndi manja, pang'onopang'ono

Mukafunsa munthu amene mutu ukumupweteka chifukwa cha vuto la khosi kuti aloze pamene pakupweteka, kawirikawiri saloza ndi chala chimodzi. Amaika chikhatho kunkhongo, pamene chigaza chimakumana ndi khosi, kenako amakoka dzanjalo kudutsa pamwamba pa khutu mpaka kukafika pamphumi kapena padiso, mbali imodzi yokha. Anthu ambiri otere amakhala atamwa mankhwala a mutu kwa miyezi, ena atasintha ngakhale magalasi a maso, koma khosilo palibe amene analikhudza. Mutu umenewu anaupatsa dzina ndi dokotala wa ubongo wa ku Norway, Ottar Sjaastad, pamodzi ndi anzake m'chaka cha 1983. Anautcha cervicogenic headache, kutanthauza mutu wochokera m'khosi.

Kuti zimene mudzachite ndi manja zikhale ndi tanthauzo, ndi bwino kudziwa chimene chili pansi pa zala zanu. Khosi lili ndi mafupa 7 osanjikizana, ndipo madokotala amawawerenga kuchokera pamwamba, C1 mpaka C7. Fupa loyamba, lotchedwa atlas, ndi limene lasenza chigaza, pomwe lachiwiri, axis, lili ndi kansonga kamene atlas amazungulirapo, moti pafupifupi theka la kucheuka konse kwa mutu limachitikira pakati pa mafupa awiriwa. Minyewa itatu yapamwamba ya m'khosi, yonyamula mauthenga kupita ku ubongo, imakakumana, mkati mwa msana pafupi ndi tsinde la ubongo, ndi mnyewa waukulu wotchedwa trigeminal umene umatenga uthenga kuchokera kunkhope ndi pamphumi. Popeza mauthenga a malo awiriwa amadutsa pakhomo limodzi, ubongo umatha kusokonezeka n'kumamva ululu pamphumi pamene gwero lake lili kunkhongo. N'chifukwa chake kusisita pamphumi kumangopereka mpumulo wa kanthawi, koma kumasula khosi lapamwamba kumafika pamene vuto lagona.

Gawo loyamba: tsimikizani kuti palibe choopsa

Gawo ili musalidumphe, ngakhale mutakhala ndi chikhulupiriro chonse kuti vuto lanu ndi khosi basi. M'mafupa a khosi mumadutsa mitsempha iwiri yopititsa magazi ku ubongo, ndipo mtsempha wotere ukang'ambika mkati, chizindikiro choyamba chimatha kukhala kupweteka kwa khosi ndi mutu mbali imodzi, mofanana kwambiri ndi mutu umene tikukambawu. Kutikita kapena kupotoza khosi la munthu wotere kungathe kubweretsa sitiroko.

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osayesa chilichonse cha m'nkhani ino, ngati mutu wayamba mwadzidzidzi n'kufika pachimake m'kamphindi kochepa, kapena ngati ndi ululu wachilendo umene simunaumvepo chibadwire. Chitani chimodzimodzi ngati mutuwo ukubwera ndi kutentha thupi komanso kuuma khosi kolepheretsa kuwerama, chifukwa amenewo akhoza kukhala matenda oumitsa khosi. Chizungulire champhamvu, kuona zinthu ziwiriziwiri, lilime kulemera polankhula, kuvutika kumeza, kugwa mwadzidzidzi, dzanzi kunkhope, kufooka kwa mkono kapena mwendo, kusokonezeka maganizo ndi kukomoka, zonsezi ndi zizindikiro zofunika dokotala, osati wotikita. Mutu umene wayamba munthu atagwa, atamenyedwa kapena atachita ngozi yapamsewu uyenera kuyezedwa kaye, ndipo n'chimodzimodzi ndi mutu watsopano kwa munthu wopitirira zaka 50, kwa mayi woyembekezera, kwa amene anadwalapo khansa kapena amene chitetezo cha m'thupi mwake n'chotsika.

Pali anthu enanso amene mutu wawo ungakhale wochokeradi m'khosi, koma khosi lawo silofunika kukokedwa kapena kukankhidwa kunyumba. Awa ndi odwala nyamakazi ya mtundu wa rheumatoid ndi anthu obadwa ndi vuto lotchedwa Down syndrome, chifukwa mwa iwo zomangira za pakati pa atlas ndi axis zimatha kukhala zofooka, komanso amene mafupa awo ndi ofewa, amene anachitidwapo opaleshoni ya khosi, ndi amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi. Anthu amenewa afunse dokotala kapena katswiri wa fiziyo, amene amathandiza odwala ndi manja komanso masewera olimbitsa thupi, asanayambe.

Gawo lachiwiri: onani ngati khosi ndilodi gwero

Khalani pampando, mapazi onse ali pansi, ndipo muyang'ane pagalasi. Cheukirani kumanja pang'onopang'ono mpaka pamene khosi lalekezera, mubwerere pakati, kenako mucheukire kumanzere. Onani ngati mbali ina ikufika patali kuposa inzake, ndipo mumvetsere ngati kucheukako kukudzutsa mutu umene mumaudziwa uja. Kenako ikani chala chachikulu pansi penipeni pa chigaza, pambali pang'ono pa mzere wapakati, mukanikize modekha kwa masekondi ochepa, mbali imodzi kenako inzake. Kupweteka kwa pamalo pamene mwakanikizapo sikunena zambiri, pakuti malo amenewa amawawa mwa anthu ambiri. Chimene mukufuna kumva ndi ululu umene ukuyenda kuchoka pachalapo kukwera mpaka pamphumi kapena padiso, njira yomweyo imene umadutsa masiku onse.

Mutu wochokera m'khosi umakonda kukhala mbali imodzi ndipo susamuka, umayambira kumbuyo n'kupita kutsogolo, ndipo umadzuka munthu akakhalitsa mutu uli malo amodzi, monga pogwira ntchito pakompyuta, poyendetsa galimoto ulendo wautali kapena pogona khosi litapindika. Mutu waching'alang'ala ndi wosiyana: umagunda ngati mtima, umatha kusintha mbali, umabwera ndi nseru komanso kudana ndi kuwala ndi phokoso, ndipo umakula munthu akamayenda kapena kukwera masitepe. Mutu wa kutopa ndi nkhawa nawo umamanga mbali zonse ziwiri ngati lamba. Chovuta n'chakuti waching'alang'ala nawonso umapweteketsa khosi mwa anthu ambiri, choncho kuwawa kwa khosi pakokha sikokwanira kuweruzira nkhani. Komanso munthu amene amamwa mankhwala wamba ochepetsa ululu masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu, akhoza kukhala ndi mutu wobwera ndi mankhwala omwewo, ndipo umenewo sungathe ndi kutikita ayi.

Apa m'pamene ndimalimbikitsa kuti amene angathe aonane ndi katswiri wa fiziyo ngakhale kamodzi kokha. Iye amakugonekani chagada, n'kuweramitsa khosi lanu mpaka chibwano chitayandikira chifuwa, kenako amatembenuza mutu mbali ndi mbali. Khosi likaweramitsidwa choncho mafupa a m'munsi amatsekeka, ndipo kucheuka kotsalako kumachokera pa atlas ndi axis. Mwa munthu wabwinobwino mutu umatembenuka pafupifupi madigiri 45 mbali iliyonse, ndipo ukalephera kupitirira cha m'ma 32 mbali ina, zimasonyeza kuti pamenepo pali pouma. Kuyeza kumeneku si kochita nokha kunyumba.

Musanayambe chithandizo, tengani kope mulembe tsiku lililonse kwa sabata imodzi ngati mutu unapweteka, maola amene unatenga, mphamvu yake pa muyeso wa 0 mpaka 10, ndi mapiritsi amene munamwa. Popanda zolembazi n'zovuta kudziwa ngati zinthu zikusintha, chifukwa ululu ukachepa munthu amaiwala msanga mmene unalili.

Gawo lachitatu: kumasula minofu ya kunkhongo

Yambani ndi kuthowa. Nyikani thaulo m'madzi ofunda, osati otentha mowotcha, mulifinye n'kuliyala kunkhongo ndi pamapewa kwa mphindi 10 mpaka 15. Kufundako sikuchiritsa, koma kumafewetsa minofu kuti manja asalimbane nayo.

Tsopano wodwala agone chagada pabedi lolimba kapena pamalo osalala, mawondo atapinda, popanda mtsamiro wautali. Wothandiza akhale pampando kumutu kwake, zigongono zitatsamira pabedi, pakuti manja olendewera m'malere amatopa msanga n'kuyamba kunjenjemera, ndipo wodwala amamva kunjenjemerako n'kuumitsa khosi. Lowetsani zikhatho zonse ziwiri pansi pa mutu wake, mutsetsereze zala kutsika mpaka mutapeza mzere wa fupa pamene chigaza chathera. Pansi penipeni pa mzerewo pali pofewa, ndipo m'menemo muli timinofu tating'ono, tinayi mbali iliyonse, timene timalumikiza chigaza ndi mafupa awiri apamwamba. Pindani nsonga za zala zinayi za dzanja lililonse kuti ziloze kumwamba, muziike pofewapo, kenako mulole kuti mutu wa wodwalayo utsamire pazalazo.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, chifukwa amaganiza kuti ayenera kukanikiza mwamphamvu kapena kupekesa ndi zala. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo kulemera kumeneko n'kokwanira. Ntchito yanu ndi kudikira. Poyamba mudzamva kuti mutuwo ukuyandama pamwamba pa zala zanu, wodwala akuugwira yekha mosadziwa. Muuzeni kuti apume mozama, atulutse mpweya pang'onopang'ono, ndipo alekanitse mano kuti nsagwada zimasuke. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri mutu umayamba kulemera, chibwano chimatsika pang'ono, ndipo zala zanu zimalowa mkati ngati kuti pansi pafewa, inu musanawonjezere mphamvu iliyonse. Khalani pamenepo mphindi zitatu mpaka zisanu. Ngati mutu wachizolowezi uja wadzuka pang'ono kenako n'kuyamba kuzilala zala zili pomwepo, muli pamalo oyenera. Ngati ukukulirakulira, kapena wodwala wamva chizungulire, nseru kapena dzanzi, chotsani zala modekha ndipo musapitirize.

Mukamaliza, zala zili pomwepo, kokerani mutu kwa inu pang'ono chabe, ngati mukufuna kutalikitsa khosi ndi kadanga kochepa kwambiri. Gwirani masekondi 10, mubwezere mwakachetechete, ndipo mubwereze katatu. Thupi la wodwala lisasunthe pabedi, ndipo likasuntha ndiye kuti mwakoka mopitirira.

Amene alibe womuthandiza akhoza kuika timipira tiwiri ta tenesi m'sokosi, n'kumanga mfundo kuti tigundane, kenako n'kugona chagada timipirato tili pansi pa mzere wa chigaza, kamodzi mbali iliyonse ya msana. Timipirato tisatsike n'kukhala pamafupa a khosi. Mphindi ziwiri kapena zitatu n'zokwanira, ndipo ngati tikuwawa kwambiri yalani thaulo pamwamba pake.

Minofu ya pamapewa ndi yosavuta. Wodwala akhale pampando, mikono itatsamira patebulo. Gwirani mnofu wokhuthala wa pakati pa khosi ndi phewa, chala chachikulu kumbuyo, zala zina kutsogolo, muufinye pang'onopang'ono mpaka mutapeza kamfundo kowawa. Kanikizani pamenepo mofika pa 5 kapena 6 pa muyeso wa ululu uja, osapitirira, ndipo mugwire masekondi 30 mpaka 60 kufikira kuwawa kutachepa. Malo awiri kapena atatu mbali iliyonse akwanira. Kutsogolo kwa khosi, m'mbali mwa kholingo, musakanikizeko n'komwe, chifukwa kumeneko kuli mtsempha waukulu wa magazi umene ukapanikizidwa umatha kutsitsa kugunda kwa mtima mpaka munthu kukomoka.

Gawo lachinayi: kubwezeretsa kucheuka ndi thaulo

Njira iyi inachokera kwa katswiri wa fiziyo wa ku New Zealand, Brian Mulligan, ndipo imadziwika ndi dzina lakuti SNAG. Mfundo yake ndi yakuti fupa louma likathandizidwa kutsetsereka panthawi imene munthu akucheuka yekha, kucheukako kumapita patali popanda ululu. Mu 2007 Toby Hall ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa anthu 32 a mutu wochokera m'khosi, ndipo amene ankachita njirayi okha kunyumba anapeza mpumulo woposa wa anzawo amene anapatsidwa njira yongoyerekeza, ngakhale patatha chaka. Ndi kafukufuku wa anthu ochepa, koma njirayo ndi yofatsa ndipo siifuna zida.

Tiyerekeze kuti mukulephera kucheukira kumanja. Khalani tsonga pampando ndipo mutenge thaulo laling'ono. Musalipinde kukhala chingwe chonenepa, koma mugwiritse ntchito mphepete mwake mosokedwa muja, chifukwa ndi mmene mumagwira bwino fupa. Ikani mphepetemo kunkhongo, pansi penipeni pa chigaza, molingana ndi mano anu apamwamba. Pingasitsani manja: dzanja lamanzere ligwire nsonga ya thaulo yakumanja n'kuikhazika pachifuwa osasuntha, pomwe dzanja lamanja ligwire nsonga yakumanzere n'kuidutsitsa pansi pa khutu lamanzere ndi patsaya, molingana ndi mlomo wapamwamba. Kokerani nsonga imeneyi kutsogolo mopingasa, osati kumwamba kapena pansi, ndipo mukukoka choncho cheukirani kumanja, dzanja likuyendera limodzi ndi nkhope. Mukafika pamapeto gwirani masekondi atatu, kenako mubwerere pakati thaulo likadali lokoka, n'kulimasula mutafika. Ngati mbali yovuta ndi yakumanzere, sinthani manja.

Chitani kawiri m'mawa ndi kawiri madzulo, basi. Kuchita kambirimbiri pofuna kuchira msanga kumangonyanyula molumikizirana mafupamo. Lamulo la njirayi ndi limodzi: pasakhale ululu. Ngati mukumva kuwawa, sunthani mphepete mwa thaulo pang'ono kumwamba kapena pansi, muchepetse mphamvu, muyesenso. Zikakanika kawiri konse, isiyeni mpaka wina wodziwa akuonetseni, ndipo mukamva chizungulire siyani nthawi yomweyo.

Gawo lachisanu: kulimbitsa minofu yakuya ya khosi

Kunena zoona, gawo ili ndi limene anthu amalinyoza chifukwa silimveka kukoma ngati kutikita, komabe ndi limene ine ndimaliona kuti n'lofunika koposa. Manja amamasula khosi kwa maola kapena masiku, koma ngati minofu yogwira mafupa kuchokera mkati ili yofooka, minofu yakunja imabwereranso kumagwira ntchito yosakhala yake ndipo kuuma kumayambiranso. Kutsogolo kwa mafupa a khosi, kuseri kwa kholingo, kuli minofu iwiri yopyapyala, longus colli ndi longus capitis, imene mwa anthu a mutu wochokera m'khosi imapezeka kuti siigwira bwino ntchito. Kafukufuku amene Gwendolen Jull ndi anzake a ku Australia anafalitsa mu 2002, wa anthu 200, anasonyeza kuti chithandizo cha manja komanso masewera ofatsa olimbitsa minofu imeneyi, zochitidwa kwa masabata 6, zinachepetsa kuchuluka ndi mphamvu ya mutu, ndipo phindulo linalipobe patatha miyezi 12.

Gonani chagada, mawondo atapinda. Pindani thaulo muike pansi pa mutu mongokwanira kuti nkhope iyang'ane kudenga molunjika, chibwano chisaloze kumwamba kapenanso kutsamira pachifuwa. Ikani lilime kumwamba kwa kamwa, milomo itatsekeka koma mano osagundana. Kenako gwedezani mutu pang'ono kwambiri, monga mmene munthu amavomerera mwaulemu mawu a wamkulu, maso akutsika kuyang'ana kumawondo. Nkhongo itsetsereke pathaulo kukwera pang'ono, koma mutu usadzuke ndiponso musaukanikizire pansi.

Ikani zala ziwiri mopepuka pamnofu wautali umene umachoka kuseri kwa khutu kutsika mpaka pafupa la pachifuwa, osakanikiza. Mnofu umenewu uyenera kukhala wofewa nthawi yonseyi. Mukaumva ukuuma ngati chingwe pansi pa zala, ndiye kuti mwagwedeza mopitirira ndipo minofu yakunja yalanda ntchito, choncho bwererani pang'ono mpaka utafewanso. Malo amene mwaimawo, ngakhale akuoneka aang'ono mochititsa manyazi, ndiwo poyambira panu. Gwirani masekondi 5 mukupuma bwinobwino, mupumule, ndipo mubwereze kasanu. Masiku akamapita muziwonjezera mpaka muzitha kugwira masekondi 10 maulendo 10, kawiri patsiku. Kuchipatala amaika kathumba ka mpweya pansi pa khosi, n'kukapopa kufika pa 20 mmHg, umene ndi muyezo wa mphamvu ya mpweyawo, ndipo wodwala amaphunzira kukweza muyezowo pang'onopang'ono, 22, 24, mpaka 30. Kunyumba zala zanu pamnofu uja ndi zimene zimagwira ntchito ya kathumbako.

Pakatha sabata imodzi kapena awiri, wonjezerani za mapewa. Mutakhala pampando, dzitalikitseni kuchokera m'chiuno ngati wina akukukokerani kumwamba ndi tsitsi la pankhongo, kenako mukokere mafupa a mapewa kumbuyo ndi pansi pang'ono, mopanda kutukumula chifuwa. Gwirani masekondi 10. Zimenezi zichitike kangapo patsiku muli pantchito pomwepo, ndipo n'zothandiza kuzilumikiza ndi chinthu chimene mumachita kawirikawiri, monga nthawi iliyonse imene mwamaliza kuyankha foni.

Za kuthyola khosi, ndi zimene katswiri amachita

Pali anthu amene amakhulupirira kuti khosi likalira kuti thwa ndiye kuti fupa labwerera m'malo mwake. Phokoso limenelo limachokera ku mpweya wa m'madzi a molumikizirana mafupa, ndipo silisonyeza kuti china chake chinaguluka kapena chakonzeka. Musalole wachibale, mnzanu kapena wotikita wosaphunzira za khosi kuti akupotozeni mutu mwadzidzidzi, ndipo inunso musamadzithyole nokha. Munthu wodzithyola khosi amangolizitsa malo amene ndi omasuka kale, pouma paja n'kutsala momwemo, ndipo posakhalitsa amafunanso kuthyola. Ngozi ya kuvulala kwa mtsempha wa magazi sichitika kawirikawiri, koma ikachitika zotsatira zake ndi zazikulu kwambiri.

Katswiri wa fiziyo ali ndi njira zofatsa zimene zimafika pamene manja a kunyumba sangafike. Mutagona chafufumimba kapena chagada, amaika zala zazikulu pafupa limodzi, kawirikawiri pakati pa C1 ndi C3, n'kumalikankha pang'onopang'ono mobwerezabwereza, akufunsa ngati mutu wanu ukudzuka kapena kuzilala. Njira imeneyi inakonzedwa bwino ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia, amene anagawa mphamvu ya kukankhako m'magawo anayi, awiri oyamba ochepetsa ululu, awiri otsiriza omasula pouma. Akatswiri ena ophunzitsidwa amagwiritsanso ntchito kukankha kwachangu kolizitsa fupa, koma ayenera kuyamba akufunsani za thanzi lanu, akuyezani, ndi kukufotokozerani ubwino ndi kuopsa kwake. Muli ndi ufulu wokana n'kupempha njira yofatsa. Katswiri wabwino amayezanso kucheuka kwanu akamaliza kuti aone ngati pasintha kanthu, ndipo sakulolani kutuluka opanda masewera okachita kunyumba. Amene amangokutikitani ulendo uliwonse kwa miyezi, osakupatsani chochita nokha, ndi woyenera kumufunsa mafunso.

Maola ena onse a tsiku

Mphindi 20 za chithandizo sizingapambane maola 8 a khosi lotambasukira kutsogolo. Kwezani sikirini ya kompyuta kuti m'mphepete mwake mwapamwamba mulingane ndi maso, bweretsani foni kufupi ndi nkhope m'malo moweramira pamiyendo, ndipo musaipanikize pakati pa khutu ndi phewa. Palibe kakhalidwe kamodzi kamene kali kolondola tsiku lonse, ndipo chimene khosi limadana nacho ndi kukhalitsa osasuntha, choncho muzidzuka kapena kusintha kakhalidwe mphindi 30 kapena 40 zilizonse. Amene amavala magalasi owerengera okhala ndi magawo awiri adzionetsetse ngati sakukweza chibwano kuti aone bwino pasikirini, pakuti kukweza kumeneko kumapanikiza malo omwe aja a pansi pa chigaza. Pogona, chagada kapena cham'mbali ndi bwino, mtsamiro utadzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Kugona chafufumimba kumasiya khosi litapotokera mbali imodzi usiku wonse, ndipo kwa ambiri ndiko kumabweretsa mutu wodzuka nawo m'mawa.

Dongosolo la tsiku likhoza kukhala lotere: m'mawa thaulo la kucheuka ndi kugwedeza mutu, masana kukonza mapewa ndi kudzukadzuka, madzulo kuthowa, kumasula kunkhongo, thaulo ndi kugwedezanso. Kutikita kwa wothandiza kuchitike katatu pasabata, osati tsiku lililonse, kuti minofu izipeza nthawi yopuma. Kumva kuwawa pang'ono m'khosi tsiku lotsatira n'kwachibadwa, makamaka sabata yoyamba, ndipo kumayenera kutha pasanathe masiku awiri. Kukapitirira, chepetsani mphamvu ndi nthawi ndi theka.

Pitirizani kulemba m'kope muja. Kusintha koyamba sikukhala kutheratu kwa mutu, koma mumaona kuti masiku opweteka achepa, kapena mutu umene unkatenga tsiku lonse ukutha pofika masana, kapena mapiritsi a m'botolo akukhalitsa. Pakatha masabata 6, yerekezani sabata yomalizayo ndi yoyamba ija. Ngati pali kusintha, pitirizani kugwedeza mutu komanso njira ya thaulo ija kwa miyezi ingapo, kutikita mukuchepetsa pang'onopang'ono. Ngati palibe chasintha, kapena mutu wasintha khalidwe, wayamba kukudzutsani usiku, kapena wabwera ndi chimodzi mwa zizindikiro za m'gawo loyamba, tengani kopelo mupite nalo kwa dokotala kuti akaone ngati gwero silili kwina.